Kufufuza mbiri ya otumikira ana mumpingo: mafunso ndi mayankho

Nkhani yofufuza mbiri ya aphunzitsi a Sande sukulu, atsogoleri a achinyamata ndi alezi a kusukulu ya mmera mpoyamba ikangofika ku seshoni kapena ku komiti ya parishi, mafunso amene amatuluka amakhala omwewomwewo. Ena amafunsa pofuna kudziwa, ena amafunsa atakwiya kale. Tawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho ake, poganizira makamaka mipingo ndi magulu a achinyamata a kuno ku Malawi, komanso abale athu amene akuyendetsa mipingo ku South Africa ndi ku Britain.

Kodi kufufuza mbiri ya munthu n'kutani kwenikweni?

Ndi kumudziwa munthu musanamusiyire ana. Pali zinthu zingapo zimene zimayendera limodzi: kuona chiphaso chake cha unzika kuti dzina limene akutchulalo ndi lakedi, kumulembetsa fomu yonena kumene wakhala, mipingo imene wapempherako ndi ntchito zimene wagwirapo, kukhala naye pansi n'kucheza naye, kufunsa anthu amene anatumikira naye kumene akuchokera, kuitanitsa kalata ya kupolisi, ndiponso kumuonerera kwa miyezi ingapo akutumikira pambali pa munthu wina.

Ambiri akamva za kufufuza, maganizo amathamangira ku kalata ya kupolisi. Pa zonse zatchulidwazi, kalatayo ndiyo yofooka kwambiri. Chimene chimathandiza koposa ndi kuimbira foni mpingo umene munthuyo wachokera, ndipo n'chimenenso timachitira ulesi.

Mumpingo mwathu timadziwana tonse. Pali chifukwa chodzivutitsira?

Chilipo, ndipo chifukwa chake ndi kudziwanako. Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana amene anachitika m'dziko muno mu 2013 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Ochita zimenezi nthawi zambiri sakhala achilendo obisala m'tchire. Amakhala anthu amene mwanayo amawadziwa, amene makolo ake amawapatsa moni ndi manja awiri.

Munthu wofuna kuononga mwana sabwera ndi nkhope yoopsa. Amafika woyamba kudzasesa m'tchalitchi. Amadziwa banja limene mulibe bambo, ndipo amapitako ndi paketi ya shuga. Amamulipirirako mtsikana fizi ya teremu imodzi, kenako amamugulira kafoni. Kwaya ikaweruka kunja kutada, iye ndiye amadzipereka kumuperekeza. Pofika tsiku limene mwana uja wafuna kuulula, mayi ake omwe amakhala akumutcha munthuyo dalitso la banja lawo, ndiye anene kwa yani?

Chinanso, kudziwana kumene timanenaku n'kwa kumudzi. Ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, anthu amasamuka mwezi ndi mwezi. Amene mumakhala naye benchi imodzi mumangodziwa kuti amaimba bwino besi ndipo salephera kupereka chakhumi. Za kumene anali zaka zitatu zapitazo simudziwa.

Kodi uku si kusakhulupirirana pakati pa Akhristu?

Mpingo woyamba sunkaona choncho. Pa 1 Timoteo 3:10 Paulo akunena kuti ofuna kukhala atumiki ayambe ayesedwa, ndipo pa vesi 7 akufuna kuti woyang'anira akhale ndi mbiri yabwino ngakhale kwa anthu akunja kwa mpingo. Pa 1 Timoteo 5:22 akuchenjeza kuti tisamafulumire kusanjika manja pa munthu. Paulo mwini wake atafika ku Yerusalemu atatembenuka mtima, ophunzira anamuopa, mpaka Barnaba anachita kumuchitira umboni, monga tikuwerenga pa Machitidwe 9. Ngati mtumwi anafunika mboni, mphunzitsi wa kalasi ya ana asaone ngati wanyozedwa.

Chimene chimapweteka ndi kusankha. Mukafufuza mnyamata wosauka amene wangobwera kumene, n'kusiya mkulu wa mpingo amene anagula malata a tchalitchi, pamenepo ndiye pali tsankho. Lamulo likagwira aliyense palibe amene akulozedwa chala.

Ndani ayenera kufufuzidwa?

Aliyense amene udindo wake umamufikitsa pafupi ndi ana, wolipidwa kapena wongodzipereka. Malamulo oyendetsera dziko lino, atasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mtsikana wa Fomu 3 wa m'kwaya ya achinyamata ndi mwana ngakhale atakula thupi.

Aphunzitsi a Sande sukulu, a kalasi, a Tilitonse, oyang'anira otumikira kuguwa ndi atsogoleri a Pathfinder amakumbukika msanga. Amene amaiwalika ndi mlonda wa patchalitchi, dalaivala wa galimoto yopita kumsonkhano wa achinyamata, ophika ku kampu, wophunzitsa kwaya, kochi wa timu ya mpira, ndi uja amasunga kiyi wa chipinda cha zida zoimbira. Abusa, ansembe, alaliki ndi akatekisiti nawonso ali m'gulu lomweli, ndipo ndi bwino ayambe ndiwo.

Mnyamata wa zaka 16 wothandiza m'kalasi ya tiana safunika kalata ya kupolisi, koma asasiyidwe yekha ndi kalasi. Iyenso ndi mwana wofunika kuyang'aniridwa.

Kalata ya kupolisi imapezeka bwanji, nanga imanena chiyani?

Mwini wake ndiye amapita kupolisi ndi chiphaso chake. Amamutenga zidindo za zala, zimene zimakafananizidwa ndi kaundula wa ku likulu la apolisi ku Area 30 mumzinda wa Lilongwe. Pamakhala ndalama yolipira, ndipo popeza imasinthasintha, funsani ku polisi ya kwanuko musanauze anthu. Ngati munthuyo ndi wongodzipereka, n'chilungamo kuti mpingo ndiwo ulipire. Wakupatsani kale Loweruka lake ndi Lamulungu lake kwaulere.

Kalatayo imanena ngati munthuyo ali ndi mbiri ya mlandu m'kaundula wa apolisi pa tsiku limene yalembedwa. Onani kalata yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zigwirizane ndi za pachiphaso.

Kalata ikatuluka yoyera, ndiye kuti zatha?

Ayi. Kalata yoyera imangosonyeza kuti munthuyo sanapezekepo wolakwa kukhoti. Ganizirani nkhani zingati za kugona ana zimene zimathera pabwalo la amfumu ndi mbuzi imodzi, kapena m'chipinda cha akulu a mpingo ndi kumuimitsa munthu mgonero kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zonsezo sizifika ku Area 30.

Ngakhale kumayiko okhala ndi makompyuta paliponse zimenezi zinachitikapo. Mu 2002, m'tauni ya Soham ku England, Ian Huntley anapha atsikana awiri a zaka 10. Iye ankagwira ntchito yosamalira pasukulu ya sekondale ya m'tauniyo. Zitadziwika, anthu anadabwa kumva kuti kudera la Grimsby, kumene ankakhala kale, anamudandaulapo kangapo kupolisi pa nkhani za kugwirira ndi kugona atsikana aang'ono, koma sanagamulidwepo pa milanduyo, ndipo mbiri imeneyo sinafike kwa amene anamulemba ntchito. Kafukufuku wa boma wa mu 2004, wotchedwa Bichard, ndiye anavumbula mmene uthenga unatayikira pakati pa maofesi, ndipo zimenezi zinachititsa kuti dziko la Britain likonzenso njira zake zonse zofufuzira anthu ogwira ntchito ndi ana.

Kwathu ndi kumudzi, polisi ili kutali ndipo ndalama tilibe. Titani?

Chitani zimene zili m'manja mwanu, ndipo n'zambiri. Chiphaso cha unzika akuluakulu ambiri ali nacho chiyambire kalembera wa mu 2017. Fomu mukhoza kuilemba pamanja mu kope. Kalata ya nyakwawa kapena gulupu ndi yothandiza, bola mukumbukire kuti amfumu savuta kumulembera mwana wa m'mudzi mwawo, makamaka akakhala mbale. Funsaninso a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, amene amalumikizana ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kuboma.

Koma funsani amayi. A Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, amayi a m'miphakati, amadziwa bambo amene atsikana amamulambalala popita kumjigo, ndipo amadziwa kale abusa asanamve. Vuto n'lakuti posankha atsogoleri safunsidwa, kapena amafunsidwa pagulu pomwe sangayankhule. Atumeni amayi awiri achikulire akamve mwakachetechete. Kalata ya kupolisi muisungire amene akulembedwa ntchito yolipidwa, ndi amene azigona ndi ana ku kampu kapena ku hositelo.

Mboni tizizifunsa chiyani?

Choyamba, mboni zikhale ziwiri, zosakhala achibale, ndipo mmodzi akhale mtsogoleri wa kumpingo kapena kuntchito kumene munthuyo wachokera. Nambala ya foni musangodalira imene wakupatsani yekha. Ipezeni kudzera ku ofesi ya presibitale, ya dayosizi kapena kwa abusa anzanu, chifukwa amene mukumuimbira ngati mlembi wa mpingo akhoza kukhala msuweni wake.

Chachiwiri, imbani foni kapena pitani nokha. Kalata yaumboni imalembedwa mwaulemu, ndipo kawirikawiri amainyamula ndi mwini wake yemweyo, ndiye ndani angalembemo zoipa? Pakamwa munthu amamasuka.

Musafunse kuti, "Kodi ndi munthu wabwino?" Aliyense adzati inde. Funsani kuti anamudziwa kwa zaka zingati, ankagwira ntchito yanji, anachoka chifukwa chiyani, panakhalapo dandaulo lililonse lokhudza ana kapena atsikana ngakhale limene linangothera m'malere, ndipo atabwerera angamupatsenso udindo womwewo. Kenako funsani ili: "Abusa, mukanakhala ndi mwana wamkazi wa zaka 12, mukanamulola kupita naye paulendo?"

Mukatero khalani chete, mumvetsere. Wodziwa kuti palibe vuto amayankha nthawi yomweyo, mwina mpaka kuseka. Wina amayamba wapuma kaye, kenako n'kuti, "Eee, munthu ndi munthu, anali ndi timavuto take koma tinakambirana." Pamenepo musathokoze n'kudula foni. Funsani kuti timavuto tanji, tinakambidwa ndi yani, ndipo tinakhudza ndani. Safunsa anadya phula. Lembani zimene mwamva, tsiku lake ndi dzina la amene mwayankhula naye.

Pocheza ndi mwini wakeyo, yang'anani mipata ya m'mbiri yake. Ngati fomu ikusonyeza kuti anachoka ku Kasungu mu 2019 n'kudzaonekera ku Zomba mu 2022, zaka za pakatizo anali kuti? Mwina anali ku Joni kukasaka maganyu, ndipo palibe cholakwika. Mungofuna yankho lomveka, ndi munthu mmodzi wotsimikizira. Mufunseninso mwachindunji ngati anaimbidwapo mlandu kapena kuimitsidwa udindo pa nkhani yokhudza ana, ndipo asainire yankho lake. Wonama pafomu mumakhala ndi pomugwirira tsiku limene choonadi chatuluka.

Wabwera ndi kalata yosamukira kuchokera kumpingo wake. Sikukwanira?

Kalata yosamukira imanena kuti munthuyo ndi membala, anabatizidwa, amadya mgonero. Sinalembedwe poganizira za ana. Choipa kwambiri n'chakuti mipingo ina imagwiritsa ntchito kalata yomweyi pothamangitsa vuto: munthu wapalamula, akulu achita manyazi, amupatsa kalata yoyera kuti azipita mwamtendere. Mpingo wotero wasambitsa dzina lake ndi misozi ya ana a mpingo wina.

Nkhani ya John Smyth ikuonetsa kumene khalidwe limeneli limafikitsa. Smyth anali loya wotchuka ku England ndiponso mtsogoleri wa makampu achikhristu a anyamata. Ankakwapula anyamata mwankhanza zoopsa m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Winchester. Mu 1982 atsogoleri ena achipembedzo analandira lipoti lofotokoza zonsezi, koma sanapite nalo kupolisi. Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, kumene anayambitsanso makampu a anyamata a sukulu. Mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa kampu yake ina. Mlandu umene anamutsegulira kumeneko sunafike pamapeto, ndipo mu 2001 anapita ku South Africa, kumene anamwalira mu 2018 ku Cape Town asanayankhepo mlandu uliwonse mpaka kugamulidwa. Lipoti la kafukufuku wa nkhaniyi, lotchedwa Makin, limene linatuluka mu November 2024, linati anazunza anyamata oposa 100, ndipo patangopita masiku ochepa Justin Welby analengeza kuti akutula pansi udindo wake wa Arkiepiskopi wa ku Canterbury, mtsogoleri wa mpingo wa Anglican, chifukwa cha nkhaniyi.

Smyth akanapempha kalata ya kupolisi chaka chilichonse pa zaka zonsezo, ikanatuluka yoyera. Amene ankadziwa anali anthu a mumpingo, ndipo anakhala chete. Choncho funso ili lili ndi mbali ziwiri. Polandira munthu, imbani foni. Koma nanunso mukaimbiridwa za munthu amene anachoka kwanu ndi nkhani, nenani zoona. Ngakhale osaimbiridwa, mukamva kuti wapatsidwa ana kwina, auzeni atsogoleri a kumeneko.

Nanga munthu amene anapalamula kale koma analapa? Si uja timati Mulungu amakhululuka?

Zimatengera mlandu wake. Amene anamangidwapo zaka 15 zapitazo chifukwa choba njinga kapena ndewu ya kumowa, ndipo wakhala bwino chiyambire, komiti ikhoza kukambirana n'kumulola. Onani kuti mlandu unali wotani, papita nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anaulula yekha kapena munachita kutulukira.

Koma amene anagona mwana, kugwirira, kuzembetsa anthu kapena kuzunza mwana, asapatsidwenso udindo pa ana, ngakhale papite zaka zingati. Kukhululukidwa ndi kupatsidwa udindo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Msungichuma amene anadya ndalama za chitukuko timamukhululukira, timadya naye mgonero, koma kiyi wa bokosi la chopereka sitimubwezera, ndipo palibe amene amati mpingo wamuchitira nkhanza. Mwana ndi woposa bokosi la chopereka.

Munthu wotereyu akhoza kumapemphera nanu, pa mfundo zolembedwa: akhale pamalo odziwika, asayandikire makalasi a ana, asachezere mabanja a ana yekha, ndipo pakhale akulu awiri omuyang'anira. Wolapa zenizeni savuta kuvomera zimenezi. Amene akulimbikira kuti chikhululukiro chake chioneke pomubwezera ku Sande sukulu, mukhale naye tcheru.

Kumabwera alendo ochokera kunja kudzathandiza pa sukulu yathu ya mkaka. Nawonso tiwafunse?

Kwambiri. Pali chizolowezi choti mlendo akangotsika m'galimoto ndi mipira ndi mabuku, timamutsegulira zitseko zonse, mpaka kumulola kutenga ana kupita nawo kunyanja. Kwawoko sangaloledwe kulowa m'kalasi popanda kufufuzidwa, ndipo iye akudziwa zimenezo. Pemphani kalata ya kupolisi ya dziko lake ndi kalata ya bungwe limene lamutuma, ndipo bungwelo mulankhule nalo nokha. Ochokera ku Britain ali ndi chikalata chopangidwira ntchito imeneyi, chotchedwa International Child Protection Certificate, chimene chimaperekedwa ndi ACRO, ofesi ya apolisi yoona za mbiri ya milandu. Mlendo woona mtima amafika nacho m'chikwama. Muuzeninso za zithunzi: asajambule ana n'kumawaika pa Facebook makolo osadziwa.

Mpingo wathu uli ku Britain kapena ku South Africa. Kumeneko zimayenda bwanji?

Ku England ndi ku Wales kuli bungwe la boma la Disclosure and Barring Service, limene anthu amangoti DBS, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012. Kwa ogwira ntchito ndi ana pamafunika kufufuza kozama, ndipo munthu sangadzipemphere yekha. Umapempha ndi mpingo, nthawi zambiri kudzera ku mabungwe othandiza mipingo monga thirtyone:eight. Kwa ongodzipereka DBS silipiritsa, ngakhale bungwe lodutsiramo likhoza kufuna kangachepe. Kumeneko ndi mlandu kupatsa munthu ntchito yotere mukudziwa kuti analetsedwa kugwira ntchito ndi ana. Ku Scotland kuli ndondomeko yakeyake ya PVG, ndipo ku Northern Ireland kuli AccessNI.

Ku South Africa, lamulo la ana la mu 2005 linakhazikitsa kaundula wa chitetezo cha ana, ndipo gawo B la kaundulayo limasunga mayina a anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana. Olemba ntchito amafunsa ndi Fomu 29, munthu payekha ndi Fomu 30, ku dipatimenti ya Social Development. Kulinso kaundula wina wa opalamula milandu ya kugonana, kuphatikiza pa kalata ya apolisi a SAPS.

Chofunika kukumbukira n'chakuti makaundula amenewa sadziwa zimene munthu anachita ku Mulanje kapena ku Chipata. Mbale amene wangofika chaka chatha adzatuluka woyera ku DBS chifukwa choti ndi mlendo basi. Pemphani kalata ya apolisi akumudzi, ndipo imbirani mpingo wa kwawo.

Munthu akadutsa zonsezi, timusiye azigwira ntchito momasuka?

Kufufuza kumathandiza pakhomo polowera. Chimene chimateteza ana sabata ndi sabata ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito, ndipo lalikulu ndi ili: wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo obisika. M'kalasi mukhale akulu awiri, makamaka osakhala banja limodzi. Uphungu uchitikire poonekera, pansi pa mtengo kapena chitseko chili chotsegula, ngakhale wopereka uphunguyo ndi abusa. Pulakatisi ya kwaya ithe dzuwa lisanalowe. Mwana asaitanidwe kunyumba kwa mtsogoleri kukasesa, kukachapa kapena kukapemphereredwa usiku. Ku kampu, anyamata kwaokha, atsikana kwaokha, ndipo wamkulu asagone mphasa imodzi ndi mwana. Mauthenga a pafoni apite pagulu pomwe pali makolo, osati kumbali. Mphatso ndi thandizo la fizi zidzere ku komiti.

Watsopano ayambe wakhala mumpingo miyezi isanu ndi umodzi asanapatsidwe ana. Nthawi zina aphunzitsi amasowa ndipo mtima umafuna kungolandira aliyense wokweza dzanja, koma kuphatikiza makalasi awiri kwa kanthawi n'kwabwino kuposa kufulumira.

Malamulowa auzidwenso kwa ana ndi makolo, pa chilengezo cha Lamulungu. Mwana wodziwa kuti aphunzitsi saloledwa kumuitanira kunyumba amazindikira msanga kuti china chake chalakwika.

Mwana akaulula kuti wina wamuchita zoipa, tiyambire pati?

Mumvetsereni modekha. Musamukalipire, musamufunse kuti ankakatani kumeneko, musamulonjeze kuti simuuza aliyense, ndipo musamuitanire pamaso pa amene akumunenayo kuti abwereze. Lembani mawu ake mmene wanenera.

Ngati wagwiriridwa, chipatala ndicho choyamba, tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuchipatala komweko amaperekanso oteteza kutenga mimba. Ngati n'kotheka asasambe, ndipo zovala zisachapidwe. Zipatala zina zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, zili ndi malo a Chikwanekwane kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Kanenani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana yemwe akhoza kuimba.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limapereka udindo wokanena kwa achibale, osamalira ana ndi anthu a m'dera. Kugona mwana ndi mlandu wa boma. Sutha ndi chindapusa, sutha ndi kupepesana kwa mabanja, ndipo seshoni ilibe mphamvu youweruza. Chilango cha mpingo chikhoza kubwera pambuyo pake, koma sichilowa m'malo mwa khoti. Amene amatchula 1 Akorinto 6 kuti abale asatengerane kukhoti awerengenso Aroma 13 ndi Mateyu 18:6.

Bwanji ngati akungomunamizira chifukwa cha nsanje?

Zimatheka, ndipo n'chifukwa chake ofufuza ayenera kukhala odziwa ntchitoyo, osati komiti ya anthu amene ena ndi anzake ena ndi adani ake. Woganiziridwayo apume kaye pa udindo wake pamene nkhani ikufufuzidwa. Muuzeni momveka kuti kupumako si chigamulo. Nkhani isalengezedwe paguwa, isaponyedwe pa gulu la WhatsApp, ndipo dzina la mwana lisatuluke. Pakhale munthu womuyendera iye ndi banja lake, wosiyana ndi amene akuyendera banja la mwanayo.

Lamulo la akulu awiri lija limatetezanso aphunzitsi. Amene sanakhalepo yekha ndi mwana amakhala ndi mboni nthawi zonse.

Mafomu ndi makalatawa azisungidwa kuti?

M'kabati yokiya, ndipo oziona asapitirire awiri kapena atatu. Muli nkhani za anthu zimene zikatayika zikhoza kuononga mabanja, komanso dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la mu 2024. Zimene mwamva kwa mboni si nkhani yokacheza nayo kunyumba. Abusa akasamutsidwa, faelo itsale ndipo olowa m'malo aonetsedwe, chifukwa nkhani zambiri zimafera pa kusinthana kwa atsogoleri.

Akuluakulu amene atumikira zaka 20 akukana kulemba fomu. Tiwatani?

Yembekezerani zimenezo, ndipo musayambe ndi iwo. Ayambe ndi abusa kapena bambo mfumu, alembi ndi akulu a mpingo, alembe mafomu awo anthu akuona. Kenako mufotokozere mpingo wonse kuti lamuloli silinabwere chifukwa cha munthu wina aliyense. Agogo amene aphunzitsa Sande sukulu kuyambira kale muwayendere kunyumba, muwathandize kulemba, ndipo muwapemphe kuti akhale m'gulu lofunsa atsopano, pakuti iwo ndi amene amaona msanga zimene ena saona.

Apatseni anthu miyezi itatu. Amene akanabe pofika pamenepo apatsidwe utumiki wina wosakhudza ana, popanda kumunyoza kapena kumuganizira zoipa. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti aziyang'anira za chitetezo cha ana, ndipo mayina ndi nambala zawo zimatidwe pakhomo la tchalitchi pomwe ana angawerenge. Chigamulo chonsechi chilowe m'buku la maminitsi, pamodzi ndi chaka chimene mudzabwerezenso kufufuzaku. Mabungwe ambiri amabwereza pakatha zaka zitatu zilizonse.